Mathero Amene Sindinalembe

Msakambewa, Dowa

Takondwa mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano iwe uli ku Boma kokalukitsa tsitsi. Ndikanatha kudikira kuti ubwere tikhale pansi, koma dzulo tinayesa kukhala pansi ndipo unaona momwe zinathera. Unadzambatuka pamkeka n'kumenyetsa chitseko, ine n'kutsala ndi mawu kukamwa. Papepala pano sungandidule, inenso sindingakweze mawu. Uwerenge mpaka kumapeto. Ukamaliza, ukafuna uing'ambe.

Mawa ukukwera basi ya ku Joni kutsatira amuna ako a Limbani. Chinkhoswe tinavina, ankhoswe anagwirana chanza, ndipo ine sindikubweza mawu anga. Usaganize kuti ndikufuna kupasula banja lako lisanayambe n'komwe. Nkhani yanga ndi imodzi yokha, ya mabuku ako achikondi amene amagulitsidwa pa foni. Dzulo nditakufunsa kuti akaunti yogulitsira nkhani zakozo ili m'dzina la yani, unati ili m'dzina la a Limbani chifukwa iwo ndi amene ali ndi mapepala a banki kumeneko. Nditafunsa ngati pasiwedi yake umaidziwa, unangoseka. Nditafunsa chifukwa chake pachikuto cha buku latsopanoli dzina lawo lili pamwamba, lako m'munsi, chonsecho sanalembemo ngakhale mzere umodzi, m'pamene unapsa mtima. Unati, "Amayi, inu mumangodziwa za mabuku a fumbi. Zinthu zinasintha. Ndiponso ife timakondana. Mukufuna ndiwasainitse pepala amuna anga ngati tenanti wa fodya?"

Mawu amenewo akundilirabe m'makutu. Sindikukwiya nawo, chifukwa inenso ndinaganizapo chimodzimodzi, ndili wamng'ono kuposa iwe. Umadziwa kuti ndinalembapo buku lotchedwa Mpango wa Tereza, koma sunaliwerengepo, ndipo nthawi zonse ukandifunsa ndinkangoti linasowa. Lero umve momwe linayendera.

Ndinali nditangoyamba uphunzitsi pasukulu ina kumapiri a ku Ntchisi, kumene nkhungu imaphimba bwalo mpaka ana kumaimba nyimbo ya fuko osaona mbendera. Ndikaweruka ndinkalemba m'makope otsala. Inali nkhani ya Tereza, mtsikana amene anakwatiwa ndi mlimi wa fodya wopeza bwino koma wa nkhanza. Ankamumenya ndi chilichonse chimene chili pafupi. Pamsika panali telala wina wofatsa amene anamukonda Tereza kuyambira ali ana. Sindinalembemo zolaula ayi. Kumapeto kwake Tereza ananyamula mwana wake n'kubwerera kwa amayi ake, ankhoswe anathetsa banjalo poyera, ndipo patapita nthawi anakwatiwa ndi telala uja. Ndinalemba choncho chifukwa ndinali nditaona akazi ambiri akuikidwa m'manda anthu akuwatama kuti anali opirira.

Pa tchuthi ndinanyamula makope aja kupita nawo ku Lilongwe, kwa bambo wina wosindikiza mabuku, a Chimwala. Ofesi yawo inali kachipinda kuseri kwa mashopu, konunkha inki. Anandiuza kuti ndiwasiyire, ndipo nditabweranso anandilandira ngati mwana wawo. Anandigulira chakumwa chozizira, anati sanaonepo mtsikana wolemba chonchi. Kenako anatulutsa mgwirizano wa m'Chingerezi, wa masamba angapo. Takondwa, ine ndinali mphunzitsi, Chingerezi ndinkachimva. Si umbuli umene unandigwetsa. Chinandigwetsa ndi chimwemwe ndi manyazi. Nditayamba kuwerenga iwo anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, izi ndi zongokwaniritsa mwambo. Inu ndi ife tili pachibale tsopano. Mukati muwerenge zonsezi minibasi ya ku Ntchisi ikusiyani." Ndinamva ngati ndikapitiriza kuwerenga ndiye kuti ndikuwanena kuti ndi wakuba. Ndinatseka masamba aja, ndinasaina. Mwana wanga, munthu akakuuza kuti usavutike kuwerenga, ndiye nthawi yoti uwerenge pang'onopang'ono, chala chili pamzere. Manyazi a tsiku limodzi ine ndayenda nawo mpaka imvi.

Buku litatuluka anandipatsira dalaivala wa lole ya mbewu. Sindingakunamize, tsiku limenelo linali lokoma. Ndinalinunkhiza, ndinalisisita, ndinaona dzina langa pachikuto m'zilembo zofiira. Ndinalikulunga m'chitenje n'kuthamanga nalo kwa malemu bambo ako, amene nthawi imeneyo tinali pachibwenzi. Tinakhala pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa sukulu, iwo akuwerenga mokweza, ine ndikumwetulira ngati wopusa. Titafika mutu womaliza ndinamva mawu achilendo. Ndinati mwina alumpha tsamba. Ndinawalanda buku lija. Tereza wanga anali atagwada pakhomo pa mwamuna wake uja, akupepesa kuti anasocheretsedwa. Telala anali atasanduka wakuba, atamangidwa. Mwamuna wa nkhanza uja anamudzutsa Tereza n'kumukhululukira, ndipo mzere womaliza unkati mkazi wanzeru amapirira. Bambo ako anandiyang'ana n'kufunsa, "Kodi unasintha mathero?"

Loweruka lake tinapita limodzi ku Lilongwe. A Chimwala sanakane, ndipo sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati, "Mayi, mathero anu aja akanatiwonongera malonda. Mkazi wothawa banja n'kukapeza mtendere kwa mwamuna wina? Kholo liti lingagulire mwana wake zimenezo? Mkulu wa sukulu uti angaliike mulaibulale?" Ndinati, "Nanga bwanji simunandifunse? Nkhaniyi ndi yanga." Anatsegula kabati, anatulutsa mgwirizano uja, anauyala patebulo n'kuloza ndi cholembera. "Inali yanu. Onani apa. Munatipatsa umwini wonse, kusintha, kudula, kuwonjezera, kwa muyaya. Saini iyi ndi ya yani?" Bambo ako anaimirira, mitsempha itatuluka m'khosi, ndinachita kuwagwira malaya. Ndinapempha kuti andibwezere makope anga okha. Anati nawonso ndi katundu wa kampani. Tinatuluka chimanjamanja.

Mwina ukuti, kodi ndi nkhani imeneyo, mathero a nthano yopeka? Inenso ndinadzitonthoza choncho kwa zaka zingapo. Ndiye tsiku lina, iwe uli kumsana, ndinapita kusikelo pachipatala cha pa Boma. Pabenchi panali mayi wina mkono uli m'pulasitala, mlomo utatupa. Anandiyang'anitsitsa n'kunena, "Aphunzitsi, mwandiiwala? Ndine Enelesi." Anali mwana amene ndinamuphunzitsa ku Ntchisi kuja, wanzeru pa masamu, woseka kwambiri. Ndinamufunsa chimene chamuchitikira. Anayang'ana pansi n'kuti ndi amuna ake. Ndinati, "Nanga bwanji osachoka, mwana iwe?" Yankho lake ndi ili, ndipo ndikulemba monga ananenera: "Ndinachoka, aphunzitsi. Ndinakhala kwathu mwezi wathunthu. Ndiye azakhali anandibweretsera buku lanu. Anati ona, ngakhale aphunzitsi ako amene umawatama analemba kuti banja ndi kupirira. Ndinaliwerenga, ndinalira, ndinabwerera."

Takondwa, ndinamva ngati benchi ija yandigwetsa. Ndinamugwira dzanja lomwe linali bwinolo n'kumuuza kuti mathero amenewo sindinalembe ine, kuti Tereza wanga anachoka ndipo anakhala moyo. Enelesi anandiyang'ana mosamvetsa. Anati, "Koma dzina ndi lanu, aphunzitsi." Anachoka ndithu kwa mwamuna uja pambuyo pake, ndimamuona akugulitsa tomato pamsewu, koma mkono umenewo sunawongokenso. Ukamva anthu akunena za ufulu wa mlembi, usaganize kuti akunena za ndalama zokha. Akunena za ichi: kuti munthu wina asalankhule ndi pakamwa pako iwe osadziwa. Owerenga sadzafunsa kuti anasintha ndani. Adzaona dzina lako basi.

A Chimwala atamwalira ndinaganiza kuti mwina njira yatseguka. Ndinapita kukaonana ndi mwana wawo amene anatsala ndi malowo. Makina osindikizira anali atagulitsidwa, mkatimo ankagulitsamo matayala. Ndinamupempha mwaulemu kuti andilole kulembanso mathero anga n'kulisindikiza kwina. Anandiyankha akuseweretsa makiyi a galimoto, "Amayi, mapepala onse a bambo ali kwa ife. Ifeyo sitikusindikizanso mabuku, koma mukalitulutsa inuyo tikakumana kukhoti." Sakulifuna, koma sakulitaya. Ndi mmene zakhalira mpaka lero. Ukapereka umwini kwa muyaya, sukupereka kwa munthu amene akukumwetulira yekhayo. Ukuperekanso kwa ana ake, kwa abale ake, kwa aliyense amene adzatsegule kabati yake iye atapita.

Dzulo unati ine ndimapembedza mabuku a pepala. Ayi, mwana wanga. Ndikudziwa kufooka kwa pepala kuposa iwe. Buku langa limodzi limene ndinasunga, ndinalisiya m'chigafa nyengo ina yosankha fodya. Pobwera ndinapeza amalume ako a Yosefe atang'amba masamba a pakati, akupichirira chingambwe. Anati pepala lake ndi lofewa bwino, silikhosomoletsa. Masamba otsalawo chiswe chinamaliza. Ndiponso ngakhale pamene linali latsopano, linafika kuti? M'mashopu ochepa a m'tauni ndi m'masukulu angapo. Kuno kumudzi ungayende mpaka miyendo kutupa osapeza pogula buku. Mayi amene wagulitsa ndowa ya soya saganiza za buku, amaganiza za sopo ndi mchere.

Pamene ndinalakwitsa ndi iwe ndi apa. Utayamba kulemba pa foni ndinakunyoza. Ndinkati ukuononga maso ndi bandulo, ndinkati chimene sungachigwire m'manja si buku. Ndinasintha maganizo chaka chatha pamene ndinkadwazika azakhali ako kuchipatala. Tsiku lina kukhitchini ya odwazika matenda ndinapeza amayi atazungulira mtsikana wina, miphika ikupserera pamoto. Mtsikanayo ankawerenga mokweza pa kafoni kosweka galasi. Inali nkhani ya namwino amene anakondana ndi mnyamata wa kabaza. Ndinaizindikira nthawi yomweyo, chifukwa unkandiwerengera tikutong'ola chimanga. Mayi wina wachikulire, amene sindikukhulupirira kuti anagwirapo buku chibadwire, anakuwa, "Asamukhululukire ameneyo, wabodza!" Ena anaseka, wina ankapukuta misozi ndi chitenje. Anthu amene odwala awo anali pakati pa moyo ndi imfa anapuma kwa kanthawi chifukwa cha mawu ako. Buku langa la pepala silinafike pamalo ngati amenewo. Lako linafika, lopanda lole, lopanda shopu. Ndinanyadira mpaka mtima kuwawa.

Koma ndinafunsa mtsikana uja kuti wolemba nkhaniyo ndani. Anakweza chala, anatsitsa, anafufuza, n'kuti, "Palibe dzina, amayi. Zimangobwera pa gulu lathu la pa foni." Ndinati ndi mwana wanga. Amayi aja anandiyang'ana ngati ndikudzitama ndi zabodza. Pambuyo pake ndinamva kuti kumsika wa ku Dzaleka, pa mabenchi oika nyimbo m'mafoni, nkhani yomweyo amaiika pa memori kadi pamodzi ndi nyimbo za kwaya, munthu n'kulipira eni mabenchiwo. Sindinakuuze nthawi imeneyo chifukwa unali pa mayeso. Buku la pa foni limathamanga, koma limatha kufika kutali lili lopanda mwini. Choncho dzina lako uziliika pamwamba pa mutu uliwonse ndi pansi pake, ngakhale pakati pa nkhani ngati n'kotheka, kuti wodula atope. Ndipo zikadzayenda bwino, udzasindikize ngakhale mabuku ochepa a pepala, limodzi udzalisiye kusukulu kumene unaphunzira. Pepala limadyedwa ndi chiswe, inde, koma likakhalapo limaima ngati mboni. Ziwirizi si adani. Lina ndi miyendo, lina ndi umboni.

Tsopano chimene chikundiopsa kwenikweni. Buku la pepala likasindikizidwa, zolakwika zake zimauma momwemo. Ine sindikanatha kuyenda nyumba ndi nyumba kufufuta mutu womaliza. Buku la pa foni lingasinthidwe tsiku limodzi, ndipo umenewo ndi mwayi umene ine ndinkaulakalaka. Koma amasintha ndani? Amene ali ndi pasiwedi. Amene ali ndi pasiwedi ndiye wagwira cholembera. Mwezi wathawu unandiuza wekha, ukuseka, kuti a Limbani anakonzako mutu wina. Pamene namwino uja ankakana kupita kuchipinda kwa dokotala wolemera, iwo analemba kuti anapita, ati zoterezo ndi zimene zimagulitsa. Unazipeza zitatuluka kale, anthu atawerenga. Unaseka, koma tsiku limenelo sunadye, ndipo ndinakuona utakhala kuseri kwa khola foni ili m'manja osaidina. Ndine mayi ako. Kuseka kwako kwenikweni ndimakudziwa.

Sindikunena kuti a Limbani ndi munthu woipa. Anandipatsa ulemu, anabwera pamaliro a bambo ako, ananyamula nawo bokosi. Mwina akuganiza kuti akukuthandiza. A Chimwala nawonso ankaganiza kuti akuthandiza buku langa. Munthu safunika kukhala mfiti kuti akulande chako. Amangofunika kukhala ndi kiyi, iwe ulibe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Akaunti ikhale m'dzina lako ndi pa nambala yako. Ngati kumeneko sizingatheke usanapeze mapepala, a Limbani atseke kaye kugulitsa mpaka uwapeze, nkhani siziwola. Pasiwedi uisinthe wekha ndipo uisunge m'mutu. Dzina lawo lichoke pachikuto. Ngati akugwira ntchito yotsatsa ndi kugulitsa, ndi ntchito ndithu, alandirepo gawo lawo, koma mulembe papepala kuti gawolo ndi lotani ndipo mgwirizanowo udzatha liti. Mulembenso kuti palibe wosintha ngakhale liwu limodzi iwe usanavomere. Ukadzakumana ndi makampani akumeneko okulonjeza zakumwamba, ukaona mawu akuti kwa muyaya kapena akuti zonse zimene udzalembe mtsogolo, uike cholembera pansi, ukafunse kwa odziwa malamulo a alembi. Alipo, ndipo kufunsa si kupusa. Nkhani zako zonse monga unazilembera uzisunge pa memori kadi yakoyako, ina unditumizire ndiziika m'chitini cha singano. Ine makope anga ndinasiya m'manja mwa munthu, n'chifukwa chake lero ndilibe chosonyeza kuti Tereza wanga anachoka. Pasipoti yakonso izikhala ndi iwe, osati m'sutikesi ya munthu wina.

Unandifunsa ngati ndikufuna uwasainitse amuna ako ngati tenanti. Tamvera. Bambo ako sanali munthu wa mabuku, anali mlimi. Koma tsiku lina nditawauza kuti mwina ndikanalemba dzina lawo pachikuto a Chimwala akanaopa mwamuna, anandikalipira. Anati, "Ndinalemba ine? Munda umene sindinalime ndikaimepo kuti ndi wanga?" Mwamuna wokukonda sakwiya ukamupempha chimene chili chako. Akhoza kudabwa, akhoza kukhumudwa pang'ono, koma amapereka. Pepala silichotsa chikondi. Ngati chikondi chingathe chifukwa cha pepala limodzi, ndiye kuti chinali chodwala kale.

Usadikire kuti ukanene zimenezi utafika. Kumeneko udzakhala m'chipinda chawo, ukudya chakudya chawo, njira sukuzidziwa, chinenero sukuchimva, ndipo mawu adzakulemera pakamwa. Udzati ndinena mawa, mawa lidzakhala chaka. Uwaimbire lero, dzuwa lisanalowe, uli pa dothi la kwanu. Uwauze mofatsa, mopanda mwano, monga ndinakulerera: ukufuna akaunti ibwerere kwa iwe, dzina likonzedwe, ndi mutu uja ubwezeretsedwe monga unaulembera. Ukatero ukhale chete, umve mmene ayankhire. Usawathandize kuyankha. Usaseke pofuna kupeputsa nkhani, ndikukudziwa iwe. Akavomera, ndidzakhala woyamba kuwapepesa chifukwa chowakayikira, ndipo ndidzapepesa pamaso pa ankhoswe. Akayamba kukalipa, akati ndani wakuuza zimenezi, akati amayi ako akukusokoneza, ndi bwino uzimve uli kuno kusiyana ndi kukazimva utadutsa malire. Tikiti ikapsa, ipse. Anthu akalankhula, alankhule, adzatopa.

Ndikudziwa kuti ukhoza kundida chifukwa cha kalatayi. Ukhoza kukwera basi mawa osanditsanzika bwino, n'kukhala miyezi osaimba. Ndaganizira zimenezo ndipo zikundiopsa kuposa momwe ungaganizire, chifukwa m'nyumba muno nditsala ndekha. Koma kuli bwino undikwiyire uli ndi dzina lako, kusiyana n'kuti tsiku lina mtsikana wina adzakugwire dzanja pabenchi n'kukuuza zimene anachita chifukwa cha mawu amene sunalembe.

Ndikumva njinga yamoto ikutsika ku chitunda, mwina ndiwe. Kalatayi ndiika pamwamba pa chikwama chako. Ine ndikupita kudimba kukathirira mpiru. Ukafuna kuti ndikhale pambali pako poimba foniyo, undiitane, ndibwera manja ali ndi matope omwewo. Ukafuna kukhala wekha, upite pachulu paja pamene netiweki imagwira bwino. Pobwera sindikufunsa kanthu. Ndingoyang'ana nkhope yako, ndipo ndidziwa ngati ndiyambe kukazinga mtedza wa paulendo, kapena ndikuthandize kumasula chikwama.

Mulungu akupatse mtima wolimba, ndi makutu akumva bwino.

Ndine mayi ako,
Nachisale